Zilembo Zomwezo, Matanthauzo Osiyana: Tithandize Ana Athu pa Mawu Aafupi a Chingerezi

Bismillahir Rahmanir Rahim. Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah, amene anatipatsa lilime loyankhulira ndi nzeru zozindikirira. Mtendere ndi madalitso zikhale kwa Mtumiki wathu Muhammad, akubanja lake ndi maswahaba ake onse.



Nkhani yathu ya lero ndi yooneka yaing'ono, koma imagwetsa ana ambiri pa mayeso. Ife amene timaphunzitsa kusekondale m'mawa ndi kumadrasa masana timaiona chaka ndi chaka tikamachonga makope. Mwana yankho akulidziwa, zilembo zonse za liwu walemba, koma chilembo chimodzi wachikhazika pa mpando wa chinzake. Amafuna kulemba "from", walemba "form". Amafuna "tried", walemba "tired". Wochonga mayeso saona zimene zinali mumtima mwa mwanayo, amaona zimene zili papepala.

Tonse tikudziwa kulemera kwa Chingerezi m'sukulu zathu. Pafupifupi mafunso onse a mayeso a MANEB, a Sitandade 8 ndi a Fomu 4 omwe, amabwera m'Chingerezi, ndipo wolephera Chingerezi pa MSCE salandira satifiketi ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi. Mwana wa kwathu kuno amayankhula Chiyao kapena Chichewa pakhomo, amawerenga Chiarabu kumadrasa, kenaka akumane ndi Chingerezi kusukulu. Katundu ameneyu ndi wolemera, ndipo sitiyenera kumusiyira mwana yekha ndi mphunzitsi wake.

Chilembo chili ndi mpando wake

Tiyambe ndi chilankhulo chathu chomwe. Tengani mawu akuti tola ndi lota. Zilembo zake ndi zinayi zomwezo, koma kutola kumachitika masana uli maso, kulota kumachitika usiku uli m'tulo. Tengani sala ndi lasa. Kusala ndi ibada ya mwezi wa Ramadhan, kulasa ndi ntchito ya mlenje ndi mkondo wake. Palibe chilembo chimene chawonjezeka kapena kuchoka. Zangosinthana mipando, tanthauzo lasinthiratu.

Chingerezi chili ndi zilembo 26 ndiponso mawu aafupi ambirimbiri, n'chifukwa chake zoterezi zimachitika kawirikawiri. Zilembo zitatu zosiyana zingasanjidwe m'njira 6. Pa mpando woyamba pangakhale chilichonse mwa zitatuzo, pa wachiwiri chimodzi mwa ziwiri zotsala, ndipo wachitatu ndi wa chimene chatsalacho. Tikachulukitsa 3 ndi 2 ndi 1 tikupeza 6. Zilembo zinayi zili ndi njira 24, zisanu zili ndi njira 120.

Komabe si njira iliyonse imene imabala liwu. Zilembo N, E ndi T tingazisanje motere: net, nte, ent, etn, ten, tne. Mwa zisanu ndi chimodzizi, mawu enieni ndi awiri okha. "Net" ndi ukonde, kaya wophera nsomba kaya neti yotetezera udzudzu, ndipo "ten" ndi khumi. Msodzi amene ali ndi maukonde khumi ali ndi "ten nets".

Magulu a mawu amene mwana ayenera kudziwa

Zilembo L, A, K, E ndi za kwathu kuno. "Lake" ndi nyanja. "Leak" ndi kudontha kapena kulowa madzi, monga limachitira bwato long'aluka limene timakhalira kukapa. "Kale" ndi ndiwo zamasamba za mtundu wa repu ndi kabichi. Liwu lomalizali limasangalatsa ana, chifukwa limalembedwa chimodzimodzi ndi kale wathu wa Chichewa, pomwe katchulidwe ndi tanthauzo n'zosiyana kutalitali.

Zilembo S, A, L, T zimatipatsa "salt", mchere, ndi "last", chomaliza kapena kukhalitsa. Palinso "slat", kathabwa kapena kansungwi kopyapyala ngati timene timayala pa thandala loyanikira usipa.

Zilembo A, E, T zimatipatsa "eat", kudya, "ate", anadya, ndi "tea", tiyi. Tikawonjezerapo M tikupeza ena anayi: "meat" ndi nyama, "team" ndi gulu la anthu ochitira chinthu pamodzi monga timu ya mpira, "mate" ndi mnzako, ndipo "tame" ndi kuweta nyama kuti izolowere anthu.

Zilembo N, O, W zimatipatsa "now", tsopano, "own", kukhala mwini wa chinthu, ndi "won", anapambana.

Gulu lolemera kwambiri ndi la zilembo P, O, T, S. Pa njira 24 zija, mawu odziwika ndi asanu ndi limodzi. "Stop" ndi kuima, monga zimalembedwera pa chikwangwani chofiira cha pamsewu. "Spot" ndi banga kapena malo. "Pots" ndi miphika. "Tops" ndi nsonga kapena zivindikiro. "Opts" ndi mneni wotanthauza kuti munthu akusankha. "Post" lili ndi matanthauzo angapo palokha: nsanamira yozika pansi, udindo wa pantchito, makalata a ku positi ofesi, ndiponso uthenga umene munthu waika pa Facebook.

Apa taona chinthu chachiwiri chofunika kuchigwira: ngakhale zilembo zitakhala pa mipando yake yoyenera, liwu limodzi la Chingerezi lingakhale ndi matanthauzo angapo, ndipo chiganizo ndicho chimatiuza limene likunenedwa. Chitsanzo chabwino ndi "fast". Galimoto ikakhala "fast" ndiye kuti ikuthamanga, koma Msilamu akanena kuti "I fast" ndiye kuti amasala. Liwu loti "breakfast", chakudya cham'mawa, linapangidwa polumikiza "break", kuthyola kapena kumasula, ndi "fast", kusala, popeza munthu amakhala osadya usiku wonse. Chiarabu nacho chinaganiza chimodzimodzi: futur, chakudya cham'mawa, ndi iftar, kumasula swaumu dzuwa likalowa, zimachokera ku muzu umodzi umenenso tikuupeza mu Eid ul-Fitr.

Mawu amene amapunthwitsa kwambiri

Pali mawu ena oyenda awiriawiri amene timakumana nawo kwambiri m'makope, ndipo tikupempha kholo lililonse liwalembe pa pepala ndi kulimata pakhoma.

"From" ndi kuchokera, "form" ndi fomu, kaya yodzaza kaya ya kusekondale.
"Tried" ndi anayesa, "tired" ndi wotopa.
"Quiet" ndi chete, "quite" ndi ndithu kapena ndithudi.
"Angel" ndi mngelo monga Jibril, "angle" ndi ngodya ya m'masamu.
"Sacred" ndi chopatulika, "scared" ndi wogwidwa mantha.
"Dose" ndi mlingo wa mankhwala, "does" ndi amachita.
"Diary" ndi buku lolembamo zochitika tsiku ndi tsiku, "dairy" ndi za mkaka.
"Was" ndi anali, "saw" ndi anaona kapena sowo yochekera matabwa.

Taganizirani mwana amene akulemba chimangirizo chonena za mwezi wa Muharram, ndipo m'malo mwa "sacred month" walemba "scared month". Mwezi wopatulika wausandutsa mwezi wamantha. Taganiziraninso mtsikana amene wakhala mlezi wa agogo ake kuchipatala, ndipo akuwerenga pepala la mankhwala. Kwa iye kudziwa liwu loti "dose" si nkhani ya malikisi ayi, ndi nkhani ya moyo.

N'chifukwa chiyani ana athu amasokoneza mawu amenewa? Chifukwa chachikulu chili m'kamwa. M'Chichewa ndi m'Chiyao pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi lembo la liwu, a, e, i, o kapena u. Tsono mwana akakumana ndi "stop", "spot" ndi "post", pakamwa pake pamatuluka sitopu, sipoti ndi positi. Wawonjezera malembo a liwu amene mulibe, ndipo polemba sakumbukiranso kuti T ndi P zinali pati. Chinanso n'chakuti kwa ife L ndi R ndi liwu limodzi, pomwe m'Chingerezi "pray" ndi kupemphera ndipo "play" ndi kusewera. Chachitatu ndi changu. Mwana amaona chilembo choyamba ndi chomaliza, zapakati n'kungolota.

Timamva ena akunena kuti madrasa ndi amene amasokoneza ana, popeza Chiarabu chimawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Tisatekeseke nazo. Kusokoneza "was" ndi "saw", kapena "on" ndi "no", kumachitikanso kwa ana oyamba kuwerenga ku England komwe, ana amene sanaonepo alif. Kunena zoona, mwana amene waphunzira tajwid ali ndi mwayi. Anazolowera kuyang'anitsitsa kadontho kalikonse, chifukwa akudziwa kuti ba, ta ndi tha zimasiyana ndi madontho okha. Diso lomwelo alitengere ku Chingerezi.

Chiarabu ndi Chingerezi sizimanga mawu mofanana

Pali kusiyana kumodzi kumene mwana wa madrasa ayenera kukumvetsa. M'Chiarabu mawu ambiri amamera pa muzu wa zilembo zitatu, ndipo mawu a muzu umodzi ndi a banja limodzi. Kaf, ta ndi ba zimanyamula ganizo la kulemba: kitab ndi buku, katib ndi mlembi, maktab ndi malo olembera kapena ofesi. Dal, ra ndi sin zimanyamula kuphunzira: dars ndi phunziro, mudarris ndi mphunzitsi, madrasa ndi malo ophunzirira. Sin, jim ndi dal zimatipatsa sujud, kugwetsa nkhope pansi, ndi masjid, malo ochitira sujud. Sin, lam ndi mim zimatipatsa Islam, Muslim ndi salam. M'mawu onsewa zilembo za muzu zimatsatana mofanana. Chimene chimasintha ndi fat-ha, kasra ndi dhamma, komanso zilembo zowonjezera.

Mwana wozolowera zimenezi angaganize kuti mawu a Chingerezi okhala ndi zilembo zofanana nawonso ndi pachibale. Nthawi zambiri sizili choncho. "Eat" ndi "ate" ndi pachibale ndithu, popeza ndi mneni mmodzi m'nthawi ziwiri. Koma "tea" ndi mlendo. Liwuli linachokera ku China, ndipo linafika ku Ulaya ndi amalonda a Chidatchi m'zaka za m'ma 1600. Tiyi wathu tinamutenga ku Chingerezi, pomwe chai wa Chiswahili ndi shay wa Chiarabu anachokera ku katchulidwe kena ka ku China komweko. Kufanana kwa "tea" ndi "eat" kunangochitika mwangozi.

Ngakhale m'Chiarabu momwemo, zilembo za muzu zikasinthana mipando, banja lasintha. Tengani ba, ha ndi ra. Njira zake zonse 6 zili ndi mawu: bahr ndi nyanja, harb ndi nkhondo, ribh ndi phindu, hibr ndi inki, rahb ndi malo otakasuka, kumene kumachokera marhaban wolandirira alendo, ndipo bariha ndi kuchoka pamalo. Nyanja, nkhondo, phindu ndi inki, zonsezi m'zilembo zitatu.

Sitinayambe ndife

Kusanja zilembo kuti tipeze mawu si masewera a Azungu okha. M'zaka za m'ma 700, mumzinda wa Basra ku Iraq munali katswiri wa chilankhulo dzina lake al-Khalil ibn Ahmad al-Farahidi, mphunzitsi wa Sibawayh. Iye ndi amene anayala maziko a Kitab al-Ayn, dikishonale yoyamba ya Chiarabu. Pofuna kuti liwu lililonse lisamuphonye, ankatenga zilembo za muzu n'kuzitembenuza m'njira zake zonse, ziwiri m'njira 2, zitatu m'njira 6, zinayi m'njira 24, zisanu m'njira 120, kenaka n'kusiyanitsa zimene Aarabu amagwiritsa ntchito ndi zimene sagwiritsa. Ndi zomwe zija tachita ndi N, E ndi T. Bukuli linatchedwa al-Ayn chifukwa anasanja zilembo motsatira malo amene zimatulukira, kuyambira kukhosi ndi chilembo cha ayn mpaka kumilomo. Tsono mwana wathu akamasanja zilembo pa mkeka, akuyenda m'mapazi a ma ulama athu akale.

Chenjezo: zilembo si umboni

Masiku ano pa WhatsApp pamayenda mauthenga onena kuti liwu lakutilakuti ukalitembenuza limaulula chinsinsi chobisika. Ena amagwiritsa ntchito njira imeneyi ponyoza chipembedzo chathu, ena mwa ife tomwe amaigwiritsa ntchito poopseza anzathu. Mwachitsanzo, zilembo L, I, V, E zimapanga "live", kukhala ndi moyo, "veil", nsalu yofunda kumutu kapena kunkhope, "evil", choipa, ndi "vile", chonyansa. Wonyoza angauze mwana wathu wamkazi kuti hijab ndi yoipa popeza "veil" ndi "evil" zili ndi zilembo zofanana. Mwanayo ayankhe modekha kuti zilembo zomwezo zimapanganso "live", ndipo palibe amene amati moyo ndi woipa. Mbiri ya mawuwa ndi yodziwika. "Veil" linachokera ku liwu la Chilatini loti velum, nsalu yophimbira kapenanso thanga la ngalawa, ndipo linalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa. "Evil" ndi liwu lakale la Chingerezi chenicheni, limene poyamba linkalembedwa yfel. Mawu awiriwa si pachibale.

Ifenso tisamafalitse mauthenga otere ngakhale aoneke ngati akuikira kumbuyo Chisilamu. Halal ndi haram timazidziwa kuchokera mu Qur'an ndi Sunnah kudzera mwa anthu ophunzira, osati potembenuza zilembo. Surah Al-Hujurat imatiphunzitsa kufufuza nkhani tisanaikhulupirire, ndipo lamulo limeneli likukhudzanso chala chimene chimatumiza uthenga pa foni. N'zoona kuti "listen", kumvetsera, ndi "silent", kukhala chete, zili ndi zilembo zofanana, monganso "heart", mtima, ndi "earth", dziko lapansi. Zoterezi ndi zabwino pothandiza mwana kukumbukira kalembedwe. Zithere pomwepo.

Kodi Msilamu alimbikire Chingerezi?

M'nthawi ya atsamunda, makolo athu ambiri a m'mbali mwa nyanja sankatumiza ana kusukulu za mishoni poopa kuti akasiya chipembedzo chawo. Mantha awo anali ndi chifukwa, ndipo anasunga Chisilamu chimene tili nachochi. Koma mtengo wake unali waukulu, chifukwa madera athu anatsalira pa maphunziro a sukulu. Lero mwana angathe kupita kusukulu m'mawa ndi kumadrasa masana osataya chilichonse.

Mtumiki, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, analamula Zayd ibn Thabit, Allah asangalale naye, kuti aphunzire kalembedwe ka Ayuda n'cholinga choti azimuwerengera ndi kumulembera makalata. Zayd anali mnyamata, ndipo anakaphunzira pasanathe mwezi. Ndi Zayd yemweyu amene pambuyo pake Abu Bakr anamupatsa ntchito yosonkhanitsa Qur'an. Komanso itatha nkhondo ya Badr m'chaka cha 624, akaidi ena odziwa kulemba amene analibe chuma chodziwombolera anamasulidwa ataphunzitsa ana a ku Madina kulemba. Aphunzitsi amenewo sanali Asilamu, koma luso lawo linalandiridwa. Chilankhulo ndi chida ngati nkhafi: chimapititsa bwato kumene wopalasa akufuna.

Zimene tingachite pakhomo

Simufunika kudziwa Chingerezi chambiri kuti muthandize mwana, ndipo simufunika ndalama.

Choyamba, dulani katoni yakale m'tizidutswa, kapena tolani zitsekerero za mabotolo, ndipo palichonse mwana alembepo chilembo chimodzi. Zilembo A, E, I, O, S, T, R, N ndi L zikhale zingapo chifukwa zimapezeka m'mawu ambiri. Amene muli pafupi ndi gombe, mchenga wonyowa ndi bolodi laulere.

Chachiwiri, mupatseni zilembo zitatu zokha poyamba. Azisanje m'njira zonse 6, ndipo anene kuti mawu enieni ndi ati. Akazolowera, muwonjezere chachinayi.

Chachitatu, liwu lililonse limene wapeza anene tanthauzo lake m'Chichewa kapena m'Chiyao, kenaka apange nalo chiganizo. Apa ndi pamene kholo losadziwa Chingerezi limagwira ntchito yaikulu, chifukwa mwana amene wakwanitsa kufotokozera mayi ake tanthauzo la liwu ndiye kuti walimvetsa. Liwu lopanda tanthauzo silikhalitsa m'mutu.

Chachinayi, pakakhala kukayika, liwulo alilembe m'kope ndipo akaliyang'ane mu dikishonale kusukulu kapena akafunse aphunzitsi. Mabanja oyandikana angathenso kusonkherana n'kugula dikishonale imodzi ya Chichewa ndi Chingerezi, monga ija analemba Steven Paas, kuti ana azibwerekana. Mutu umodzi susenza denga.

Chachisanu, mphindi 15 pa tsiku n'zokwanira, kaya pambuyo pa Asr kaya pakati pa Maghrib ndi Isha akamaliza kubwereza sura zake. Ana aakulu aphunzitse aang'ono, ndipo atsikana apatsidwe nthawi yofanana ndi anyamata, osati iwo ali kumapoto anzawo ali pa mkeka. Masewerawa asakhale obetcherana ndalama, ndipo adhana ikamveka zilembo zibwerere m'chitini.

Pomaliza, muphunzitseni mwana kuwerenganso zimene walemba asanapereke pepala, liwu ndi liwu, chala chili pansi pa mzere, monga amachitira powerenga Qur'an pamaso pa mwalimu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mawu otsiriza

M'Chiarabu, ilm, kudziwa, ndi amal, ntchito, zimalembedwa ndi zilembo zitatu zomwezo: ayn, lam ndi mim. Monga tanena kale, kufanana kwa zilembo si umboni wa chilichonse. Umboni woti kudziwa kuyenera kuyenda ndi ntchito tili nawo kale m'chiphunzitso cha chipembedzo chathu, ndipo zilembozi zingotikumbutsa. Tawerenga, tadziwa. Chotsala ndi kudula katoni ija madzulo ano ndi kukhala pansi ndi mwana. M'mera mpoyamba.

Tikupempha Allah kuti awatsegulire ana athu zifuwa zawo, awapatse maphunziro aphindu, awapambanitse pa mayeso a dziko lino ndi a tsiku lomaliza, ndipo awalipire zabwino makolo ndi aphunzitsi onse amene akuwavutikira. Ameen.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.